Bala Lapola, Yohane

Yohane mphwanga, bala lomwe ndinadzitema ndi khasu pokumba kachewere lapola, ndiye ndakukumbuka. Tsiku lija, utangobwera ku holide kuchokera ku koleji, unandimanga bala lina pakhonde ku Bembeke. Unati pansi pa khungu pali maselo obala anzawo, ndipo m'kati mwa selo lililonse muli timitengo ndi tiulusi, ngati phaso ndi luzi padenga. Timeneto ndi timene timalikoka kuti likwawe kukatseka bala.

Ndinakufunsa kuti nanga selolo limadziwa bwanji kolowera. Unaseka, n'kuti, "Achimwene, zimenezo ndidzakuuzani pa Khirisimasi." Khirisimasiyo inatipeza titakuika m'manda. Ndikanadziwa, bwenzi nditakugwira mkono pakhonde pomwepo kuti umalize.