Khofi wa malemu a Kayira

Loweruka ndinali pamaliro ku Nthalire. Mkulu wampingo atayamba kuwerenga mbiri ya malemu, ndinagwedeza mutu. Chichewa chokoma bwanji! Pofika pakati ndinazindikira chifukwa chake: mawuwo anali anga.

Ndinawalemba chaka chatha, atatisiya mnansi wanga wa ku Lufita, mlimi wa khofi amene kwawo kunali ku Misuku. Mkuluyu analipo, ndipo anajambula pepalalo pafoni. Tsopano anangosinthamo dzina. Ndiye malemu a Kayira, oweta ng'ombe moyo wawo wonse, tinamva kuti ankalawirira kukasamalira khofi wawo. Khofi, ku Nthalire?

Mtima unandiwawa. Paja ine sukulu yanga ndi mabuku opanda zikuto ogula pamsika. M'buku lina ndinawerengamo za nyuzipepala zakunja zomwe zinakokerana kukhoti kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ina itazolowera kutola nkhani za inzake n'kumazisindikiza ngati zake. Oweruza anatuluka thukuta: kodi nkhani ili ndi mwini?

Ine thukuta ayi, chigamulo ndinali nacho kale. Pochokera kumanda ndinawatsata mkuluwo, nkhope ili ngati ya loya, fumbi lili mpaka m'mawondo.

"Yewo, adada!" anandigwira chanza ndi manja awiri. "Mwamvatu? Pepala lanu lija ndi lodalitsika, laika anthu ambiri."

Mungamusumire bwanji munthu wokuthokozani chonchi?

Kubwerekana ndiye moyo wathu. Khasu, njinga, jekete la paukwati, ngakhale pemphero. Wina akayankhula bwino pamsonkhano, mawa mawu ake ali pakamwa pa aliyense, ndipo sitiona vuto. Koma kodi n'zonse zobwerekeka?

Mkuluwo anandikokera kwa amayi ofedwa, n'kundionetsa monyadira kuti mlembi ndi uyu.

"Ndinu munalemba, adada?" anatero mayiwo motsitsa mawu. "Munthu wabwinotu ameneyo, kaya anali mwamuna wa yani. Wanga ankakangana ndi wailesi. Ng'ombe iliyonse anaipatsa dzina la mlamu wake. Ndimadikira kuti wina anene zimenezo, anthu aseke pang'ono."

Uloya wanga uja unathera pomwepo.

Ine mawu anga ndikadali nawo, ndipo mawa ndilemba ena. A Kayira anali ndi tsiku limodzi lokha loti mudzi wonse ukhale chete n'kumva za iwo, ndipo tinawaika ndi mbiri ya munthu wina. Nanga inu oweruza, pamlandu umenewu woberedwa ndani?