Mpweya wa NyaManda m'manja mwa Paston

Paston Longwe anagwira ntchito yogonetsa odwala pa chipatala cha pa boma zaka makumi awiri ndi zisanu, koma pa msika wa Nkhata Bay ochepa ankamudziwa. Anthu ankakumana naye atagona, podzuka nkumathokoza dokotala. Nkhuku ndi nsomba za batala zinkapita kwa dokotalayo. Paston ankatsala ndi zala zotupa m'mfundo, chifukwa masiku amenewo makina opumitsa munthu kunalibe. Kunali thumba lakuda la mphira, ndi manja ake.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1978, anabwera ndi Rosina NyaManda, mayi wogulitsa usipa pa doko, matumbo atamutulukira pa mchombo chifukwa chosenza madengu. Mankhwala ogonetsa anali atatsala pang'ono, choncho dokotala anayamba ndi jakisoni wa dzanzi, nabaya kangapo kuzungulira chotupacho. Atang'amba anapeza thumbo lapotana. Panalibe kuchitira mwina: anamugoneka, Paston nkumubaya mankhwala ofoola minofu kuti mimba ilefuke.

Anamaliza kusoka dzuwa lili paliwombo. Paston anabaya mankhwala obweza mphamvu, nadikira. Chifuwa cha NyaManda chinangoti zii.

"Ada Longwe, bwanji sakupuma?" anafunsa namwino Dorothy.

"Mankhwala awiri aja agwirizana," anatero Paston, akufinya thumba. "Mtsempha ndi mnofu sizikhudzana, mwana wanga. Uthenga umachita kuwoloka, ngati bwato pakati pa sitima ndi mtunda. Wofoola uja watseka doko. Wadzanzi walowa m'magazi, wakafooketsa wopalasa. Tidikira mpaka asungunuke."

"Mpaka liti?"

"Ukafunse iwowo."

Anafinya, nasiya, nafinyanso. Kuti asataye muyeso ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, mzere umodzi mpweya umodzi. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Sitima ya Ilala inalira pa doko, inatsitsa katundu, inaliranso nkuchoka, iye akadafinyabe. Dorothy anamulandirako, koma odwala ena ankamuitana. Dzanja lamanja litakungika, Paston anasinthira lamanzere. Nalonso litakana, anapanikiza thumba pa bondo ndi chigongono. Ankadziwa kuti akangopumula nthawi yomwera kapu ya madzi, ana a NyaManda akhala amasiye.

Mithunzi itayamba kutalika, thumba linanjenjemera lokha m'manja mwake.

"Ama, mukundimva? Dzutsani mutu."

Mutu unadzuka pang'ono, nkugwa. Anapitiriza. Ulendo wachitatu mutu unakhala m'mwamba mpaka Paston anawerenga kufika pa zisanu, ndipo anasiya thumba. Madzulo ake analephera kumanga zingwe za nsapato, anakwera chitunda cha kwawo zikukwekwereka.

Patapita miyezi iwiri anali pa doko akusankha nsomba, akung'ung'udza osadziwa. Mayi wina anasiya kupima usipa namuyang'anitsitsa.

"Ndinu! Tsiku lija tulo tinatha ine ndili gone, osatha ngakhale kuphethira. Ndinkati ndafa. Koma ndinati ayi, kumwamba sangaimbe moipa chonchi."

"Yewo, ama," anatero Paston.

NyaManda anamuthirira usipa mbale ziwiri m'pepala. Paston anatambasula manja, koma zala zinakana kufumbata. NyaManda anaziyang'ana. Kenaka anakulunga bwino phukusilo, namupanikizira yekha m'khwapa.