Mwana Wathu Formidable

Ndiulule lero: mawu akuti "formidable" sindinkawadziwa.

Nthawi imene boma linkagulitsa mafakitale, bapongozi anga aakazi anachotsedwa ntchito. Analalatira bwana watsopano mpaka anawalembera kalata yokafunira ntchito kwina, yowatchula kuti "a formidable woman".

Anabwera nayo kwathu ku Estates.

"Bapongozi, imwe munaphunzira. Akuti chani apa?"

Ine wa Fomu Faivi yonse, ndikanati sindidziwa? Ndinatsokomola kaye.

"Akuti ndinu mayi wofatsa kwambiri."

Anakondwa zedi, moti mkazi wanga atabereka, iwo anamutcha mwanayo Formidable.

Patapita miyezi ndinasuzumira m'dikishonale. Tanthauzo lake ndi woopsa, wochititsa mantha. Ndinatseka bukulo, osauza munthu.

Pano mwanayo ndi mayi wamkulu. Akandiimbira foni, ndimayankha nditaimirira.