Chipanda cha kwa Wedisoni

Ndinaganiza zopita ku Halale chaka chimene mtsinje wa Domasi unasefukira n'kukokolola mpunga wanga wonse. Ufulu wa dziko tinali titauvinira kale, fumbi kobo, koma msonkho sunaleke kundisaka, ndipo kuchikamwini kumene ndinkakhala apongozi anali atayamba kundiyang'ana ngati mbuzi yosabereka. Ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndikagule malata ndi njinga, ndibwereko. Iye anangoti, "Onse amatero, bambo a Rozi," n'kupitiriza kupeta mphale yake.

Kusiya mkazi ndi mwana kunandiwawa, sindikana. Koma chimene chinandigwetsa misozi m'sitima, kunena mosabisa, chinali Loweruka. Tinalipo anthu anayi: ine Jailosi, Wedisoni, Namakhwa ndi Che Saidi. Loweruka lililonse tikaweruka kudimba tinkakumana pansi pa mtengo wa mango kwa Wedisoni, chifukwa mkazi wake pofulula masese analibe mnzake m'chigwa chonse. Aliyense ankabwera ndi kanthu kochokera kunyumba. Namakhwa ankanyamula kalongonda amene amayi ake ankamuphika n'kutaya madzi, kuphikanso n'kutayanso, mpaka ululu utatha. Che Saidi, wogulitsa nsomba pa Songani, ankabwera ndi matemba okazinga othira tsabola woti munthu ulire. Ine ndinkafika ndi zitumbuwa za Esinati zikadali zotentha m'tsamba la nthochi.

Chomwera chinali chimodzi basi, chipanda chakale chimene chogwirira chake chinang'aluka ndipo ndinachimanga ndekha ndi waya. Che Saidi ndi Msilamu, mowa salawa, ndiye tinkayamba ndi thobwa kuti chipanda chizungulire tonse popanda wolumphidwa. Kenako iye ankatsala ndi kamtsuko kake ka thobwa, ife n'kulowa m'masese. Wedisoni, monga mwini mowa, ankayamba wadontheza pang'ono pansi, amvekere, "A pansi nawonso alaweko," kunena makolo athu amene anatisiya. Akatero ankamwa iye poyamba kuti tione kuti mulibe choipa, n'kupatsira wa kudzanja lake lamanja. Wa kudzanja lamanjayo ndinali ine.

Loweruka lotsanzikana, Wedisoni anakweza chipandacho m'mwamba n'kunena kuti, "Achimwene, pitani mukatitengere zipewa. Malo anu ano sitikhazikapo munthu. Tsiku lobwera, chikachoka pakamwa panga chidzafika panu." Namakhwa anaseka n'kuti, "Koma musakabwere mukulankhula chizungu cha m'mphuno, tidzakuthirani matope." Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mawu amenewo ndinawasunga bwino kuposa chiphaso changa.

Ndinapita ndekha, osadzera kwa olemba anthu ntchito, ndipo ndinakathera pamgodi wina wa golide kutali ndi tauni. Anandipatsa ntchito yoboola miyala. Chitsulo chake chinkanjenjemeretsa munthu mpaka mano, fumbi lili tolo, moti mnzako umamuzindikira ndi mawu okha. Potuluka tinkalavula zakuda ngati tadya makala. Kukomboni tinkagona amuna okhaokha m'chipinda chimodzi chonunkha nsapato ndi utsi wa palafini. Zaka ziwiri zinatha malata asanakwane, chifukwa ndalama imene ndinkatumiza inkakathera ku msonkho, ku maliro ndi ku njala ya apongozi. Ndinawonjezera zina ziwiri. Kenako ndinaleka kuwerenga, ndipo kwathu anayamba kunditchula mtchona.

Makalata ndinkalemba, koma munthu ungalembemo chiyani? "Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko." Bodza lenileni. Sindinali bwino ayi. Lamlungu ndinkachapa malaya n'kukhala pamwala kudikira kuti aume, popanda wondifunsa kuti mwadzuka bwanji m'chilankhulo cha amayi anga. Mowa unalipo kuholo ya pakomboni, wowawasa ngati phala logona, m'zitini zikuluzikulu zomwera anthu angapo. Tinkapatsirana ndi Asena, Mashona ndi anthu ena amene mpaka lero mayina awo sindiwadziwa. Ndikamwa ndinkatseka maso n'kumadziuza kuti ichi n'chongoyembekezera, chenicheni chili pansi pa mango ku Domasi. Ndinkawanyoza mumtima anthu amenewo. Lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi.

Chaka china kunabwera munthu wa ku Naisi kudzafuna ntchito, ndipo ndinamugoneka pamphasa yanga mpaka atalembedwa. Ndinamufunsa za kwathu ngati mwana wofunsa za nyama. Iye anati, "Anzanu aja sanakuiwaleni, achimwene. Ndinadutsako kwa a Wedisoni. Akamayamba kumwa amadontheza kawiri, kwinaku akuti, awa ndi a Jailosi." Ha! Ndinasangalala ngati ndapatsidwa ukapitawo. Ndinamugulira chitini chonse cha mowa munthuyo. Uchitsiru wanga, sindinaime n'kudzifunsa kuti kodi mowa wothira pansi amathirira anthu otani.

Chifuwa chinayamba pang'onopang'ono. Poyamba ndinkatsokomola m'mawa mokha, kenako ndikakwera kachitunda kopita kukomboni ndinkaima panjira ngati nkhalamba. Dokotala wa pamgodi anandijambula, n'kundiuza kudzera mwa womasulira kuti si chifuwa chachikulu chopatsirana chija ayi, koma fumbi la miyala limene linakhazikika m'mapapo, ndipo silidzachoka. Anati pansi sindingalowenso. Kukomboni palibe amene anadabwa. Kumeneko tonse tinkatsokomola, ndipo madzulo a tsiku lomwelo Msena wina anamwa chitini n'kundipatsira, ine n'kumwa, iye n'kulandiranso osapukuta n'komwe.

Ndinagula njinga, wayilesi, nsalu za Esinati, diresi la Rozi amene ndinamusiya akuyamwa, ndi zipewa zitatu za anzanga. M'sitolo ya mmwenye ndinaonanso matambula agalasi okhala ndi mzere wagolide kukamwa. Ndinawagula kuti kwathu akaone kuti Jailosi sanapite kukasewera. Ndinawakulunga m'malaya anga abwino, ndipo ulendo wonse ndinkawateteza ngati mazira.

Ndinatsika basi pa Songani dzuwa lili paliwombo. Ndalama zinali zitasintha, anthu akunena za kwacha ndi tambala, ana amene sindinkawadziwa akundiloza. Potsitsa njinga padenga la basi chifuwa chinandigwira, ndinatsokomola mpaka kugwira mawondo. Amayi ogulitsa nthochi anasuntha malichero awo. Pofika kumudzi, mbiri inali itandipitirira kale.

Phwando ndinalikonza ndi mtima wonse. Ndinagula mbuzi, Che Saidi n'kudzaizinga yekha kuti nayenso adye. Esinati anapuntha mpunga watsopano, anakazinga zitumbuwa dengu lathunthu, anaphika chigumu ndi chinangwa, mtedza wokazinga uli mbwee m'lichero. Mkazi wa Wedisoni anafulula mbiya ziwiri. Loweruka masana tinakhala pansi pa mango womwe uja, wayilesi yanga ikulira pampando, anzanga atavala zipewa zawo zatsopano. Namakhwa anali atathothoka mano awiri koma pakamwa pake panali pomwe paja. "Taonani mtchona wanenepa m'jekete mokha," anatero, "mkatimu ndi bango." Ndinaseka. Fungo la masese litandifika m'mphuno ndinamva maso akutentha, ndinati Mulungu, ndafika.

Ndinakhala kudzanja lamanja la Wedisoni, pamalo anga. Iye anatunga thobwa ndi chipanda chija, waya wanga akadali pomwepo atachita dzimbiri. Anadontheza pansi, anamwa. Ine ndinatambasula manja onse awiri.

"Iyayi, iyayi," anatero Wedisoni akumwetulira, "bwana wa ku Halale angamwere m'chipanda ngati ife amphawi? Mayi a Rozi, tabweretsani galasi lija."

Esinati anabwera nalo tambula litatsukidwa kale, osandiyang'ana kumaso. Ananditungira. Chipanda chinadutsa pamaso panga n'kupita kwa Namakhwa, kuchoka apo kwa Che Saidi, n'kubwerera kwa mwini wake. Ndinamwa thobwa langa m'galasi la mzere wagolide ndipo ndinadziuza kuti ndi nthabwala, pa masese zisintha. Pa masese chinandilumphanso. Mbale ya nyama anandiikira yangayanga pambali, ati ulemu wa mlendo. Matemba a Che Saidi, amene kale tinkalimbirana m'mbale imodzi, ananditapira pa tsamba.

Anthu anadya, anzanga inu, anadya! Mafuta a mbuzi yanga ankatsika m'zigongono. Anayamikira mpunga, anayamikira zitumbuwa, anandifunsa mtengo wa wayilesi, anandifunsa ngati n'zoona kuti ku Halale nyali za mumsewu sizizima. Wedisoni anavina atagwira pamtima chipewa chimene ndinamugulira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti chifuwachi chinayamba bwanji. Ndikatsokomola onse ankangoti zii, wina n'kutembenuzira nkhope kuphiri ngati waona chachilendo kumeneko, ndikamaliza phokoso n'kuyambiranso.

Chipanda chitazungulira kangapo ndinalephera kupirira. Ndinaika tambula pansi n'kunena kuti, "Achimwene a Wedisoni, munandilonjeza chiyani tsiku lija pamalo pano?"

"Aaa, achimwene, za kalekale zimenezo."

"Munati chikachoka pakamwa panu chidzafika panga. Chifuwa changachi si chopatsirana. Ndi fumbi la miyala, adokotala anandijambula. Fumbi lomwelo ndi limene lagula mbuzi mukudyayi."

Che Saidi anayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu, "Mpatseni, Wedisoni. Munthuyu wachokera kutali."

Wedisoni anatunga chodzaza n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinachigwira pa waya wanga uja. Ndinamwa pang'onopang'ono, ndipo sindinama, mowa umenewo unali wokoma monga ndinkaulotera zaka zonse zija, wa chimera chenicheni, wokanda kukhosi. Ndinamwa pang'ono pokha monga mwa mwambo, kuti anzanga apeze. Ndinapukuta m'mphepete ndi chikhatho n'kupatsira Namakhwa.

Namakhwa sanatambasule dzanja. Anayamba kufunafuna fodya m'thumba la malaya, thumba loti munalibe kanthu. Chipanda chinangokhala m'malere, m'manja mwanga, wayilesi ikuimba yokha. Kenako Wedisoni anachilandira mwaulemu kwambiri, anaimirira, anapita patsinde pa mango n'kukhuthula mowa wonse, osati madontho ayi, wonse, mpaka masese otsalira pansi.

"A pansi nawonso alaweko," anatero.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira munthu wa ku Naisi uja ndi uthenga wake umene ndinaugulira mowa. Amadontheza kawiri, awa ndi a Jailosi. Anthuwa anali atandiika kale m'gulu la a pansi ndikadali kuboola miyala, ndipo anazolowera kundikonda ndili kumeneko. Wakufa savuta. Umamudonthezera pang'ono, umamutchula dzina mokoma, sapempha chipanda.

Ndinati, "Ndikadali moyo, achimwene." Wedisoni anayankha kuti, "Inde, inde, tikuthokoza Mulungu," n'kuitana mkazi wake kuti akatsuke chipandacho ndi phulusa.

Sindinakalipe. Mpweya wokalipira ndinausiya kumgodi. Ndinakhala mpaka mbiya yoyamba itatha, chifukwa phwando linali langa ndipo mwini phwando sathawa. Kenako ndinanyamula wayilesi ndi tambula langa n'kumapita, ndikuima panjira kuti ndipume. Che Saidi yekha ndi amene anandiperekeza mpaka pamlatho wa mitengo, ndipo pobwerera anandigwira dzanja nthawi yaitali. Mpaka lero akamachokera ku Songani amapatuka n'kundisiyira matemba, koma thobwa la m'nyumba mwanga amati wakhuta.

Malata ndinakhoma, nyumba ya Esinati imawala ukaima kumsewu, ndipo apongozi tsopano amanditchula bambo. Njinga amakwera ndi alamu anga popeza ine chitunda chimandikanika. Anthu akamadutsa amati Jailosi anapita ku Halale ndipo anabwerako ndi zinthu. N'zoona. Zinthuzo anazilandira zonse, palibe chimene anachitsuka ndi phulusa.

Kwa Wedisoni sindinapondekonso, ngakhale kuti amatuma uthenga wakuti malo anga alipo. Loweruka masana ndimakhala pakhonde, Esinati amanditungira thobwa m'tambula la mzere wagolide n'kundiikira zitumbuwa pambale yanga. Mphepo ikachokera kumtsinje ndimamva kuseka kwa Namakhwa, ndipo ndimadziwa kuti chipanda chayamba kuzungulira. Rozi anandiuza kuti a Wedisoni amadonthezabe kawiri.