Mayi Amene Anatseka Msewu wa ku Nam Kio

Inu amene mwagwera m'ntchito imene simukuidziwa mutu wake, imvani za Viengsai.

Tsiku limene anatsika koyamba ndi lole kuchokera ku Muang Lae, tauni yathu ya pamwamba pa mapiri a kumpoto kwa Laos, anathera pa mphambano akulira, matayala atatitimira m'matope. Mwamuna wake anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo, n'kumusiyira ana awiri ndi lole yokalamba. Kuyendetsa ankatha, koma m'tauni mokha. Kumbuyo ananyamula masamba a tiyi a mabanja asanu ndi anayi, oti akafike ku fakitale ya ku Nam Kio asanaonongeke.

Asananyamuke anafunsa kutalika kwa ulendowo. Chikwangwani chinati makilomita 62. Wogulitsa mafuta anati maola awiri. Apongozi ake anati, "Ndi pafupi, ukangowoloka mlatho." Milatho anawoloka inayi. Foni inkamuuza kuti akhotere kumanja, chonsecho kumanjako kunali phompho.

Dalaivala wina wachikulire, a Thongdy, ndi amene anamupeza n'kumukokera lole ndi chingwe.

"Mayi, ulendo wa kuti?"

"Ku Nam Kio."

"Nanga mwaloza kumalire bwanji? Tiyiyu mukufuna akamwe a dziko lina?"

"Aliyense wandiuza zake, bambo. Kodi msewuwu ndi wautali bwanji kwenikweni?"

"Mukufunsa za lero kapena za dzulo?"

 Viengsai anafika ku fakitale masamba atatentha n'kuda, ndipo anawakana onse. Mabanja asanu ndi awiri anasiya kumupatsa katundu. Alamu ake anati lole igulitsidwe basi.

Iye anakana. Anapempha a Thongdy kuti azikwera nawo, ndipo dzinja lonse ankakhala pampando wa pambali, atakumbatira dengu lake la mpunga womata. Mutu unkangozungulirabe. Msewu womwewo, Lolemba maola atatu, Lachinayi maola asanu ndi awiri. Mkuluyo sankakonda kufotokoza, ankangoloza ndi chibwano.

"Madzi akutuluka m'phirimo, ndi otani?"

"Oyera."

"Tidutse. Tsiku limene mudzawaone ofiira, musadzafunse munthu."

Anayambiranso ndi tiyi wa mabanja awiri otsalawo. Anasokeranso kamodzi. Masipuling'i a lole anathyola kawiri.

Chaka chachiwiri, tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, anafika pokhota pena n'kuona timadzi tofiira tikuchucha pakati pa nsungwi. Mvula inali itasiya masiku awiri apitawo. Kodi zimenezi zimawerengedwanso kukakhala dzuwa? Sanadziwe. Anapingasa lole pamsewu n'kuzimitsa injini.

Pambuyo pake panaima malole atatu ndi basi yodzaza anthu opita ku msika. Mahutala analira.

"Mayi inu, ngati mwasokeranso, tipatseni njira!" anakuwa dalaivala wa basi. "Kapena mukudikira foni ikuuzeni?"

Anthu anaseka. Viengsai anayang'ana phiri lili zii, anayang'ana tiyi wake akufota padzuwa. Mwina ankangochita mantha. Mwina sanamvetse zimene mkulu uja ankatanthauza. Dzanja linapita pa kiyi kawiri, n'kubwerera.

Theka la ola litatha, nsungwi zinayamba kuwerama zokha. Phiri linatsika ndi mkokomo, n'kukwirira msewu wonse patsogolo pawo.  Dalaivala wa basi uja anatsika, n'kukhala pansi m'matope momwemo.

Lero Viengsai amanyamula tiyi wa midzi inayi, ndipo waphunzitsa amayi atatu kuyendetsa m'mapiri muno. Mukamufunsa kuti anadziwa bwanji tsiku lija, amapukusa mutu.

"Sindinkadziwa ayi. Ndinkangoopa kulakwa ndi basi yodzaza anthu kumbuyo kwanga."

Inunso mwina mwaima penapake, aliyense akukuuzani zake, mutu uli balala. Kusokonezeka si kulephera. Funsani, khalani pambali pa odziwa, yambiraninso ngakhale ndi zochepa zimene zatsala. Mtima wanuwo musautaye panjira.