Kachala Kanga ndi Zitsulo za Amalume

Kope lija ndikadali nalo. Chikuto chake chinali chobiriwira, koma tsopano chatuwa, ndipo m'makona munadyedwa ndi mphemvu. Chapakati pali tsamba limodzi lopanda mawu. Pali dzanja la mwana lokha, lojambulidwa pozunguliza bolopeni yofiira m'mbali mwa zala. Mukawerenga zalazo mupeza zisanu ndi chimodzi. Dzanjalo ndi langa, lamanzere, ndili ndi zaka khumi. Anajambula ndi amayi.

Ndinabadwa ndi kachala kowonjezera pambali pa chala chaching'ono. Kanali ngati njere ya mtedza, kopanda fupa, kali ndi kachikhadabo kake, ndipo ndikamathamanga kankalendewera. Ana ambiri obadwa chotero amawamanga ulusi akadali akhanda, kachalako n'kuuma n'kugwa. Ine abambo anakana. Iwonso anali nako, dzanja lomwelo, malo omwewo, ndipo akuti ankanena akuseka kuti, "Uyu ndiye sangasokonekere ndi mwana wa munthu wina." Anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Nkhope yawo sindiikumbuka, ndipo chithunzi chawo kwathu kunalibe.

Kusukulu ya pa esiteti ya tiyi anzanga ankanditcha Sikisi. "Sikisi, tibwereke chala chimodzi, samu yatikanika kuno!" Lero ndimaona kuti sankatero mwankhanza, koma ine ndinali mwana wamanyazi, woti munthu akangondiyang'ana makutu ankatentha. Dzanja ndinkalibisa m'mkono wa juzi ngakhale m'mwezi wotentha. M'kalasi sindinkakweza dzanja, ngakhale lamanja, poopa kuti maso akatembenukira kwa ine apeza linalo. Aphunzitsi a Sitandade 4 ndi amene anandipatsa kope lija. Anangoliika pa desiki n'kunena kuti, "Pakamwa pakakana, uzilemba."

Ndinalembadi. Ndinkalemba za mvula, za mbalame, za madengu a tiyi amene amayi ankathyola. Koma pamasamba ambiri pali mawu awiri obwerezabwereza: Ndikufuna kachoke. Amayi ndinawapemphapo kamodzi kokha, ndikuyang'ana pansi. Anayankha kuti, "Tiona." Tiona wa amayi anali ngati chiperoni, simudziwa tsiku limene chidzachoke.

Tchuthi chachikulu cha chaka chimenecho chinafika tiyi atadulidwa. Minda imene inkakhala yobiriwira mpaka kumapiri inasanduka timitengo totuwa, todulidwa msinkhu umodzi, ndipo m'mawa uliwonse nkhungu inkagona pamwamba pake. Amayi anawasamutsira ku nazale ya mbande za tiyi, kogwira ntchito tsiku lonse, kotero ananditumiza kwa amalume, mchimwene wawo, amene ankakhala pafupi ndi chipatala cha mishoni. Ntchito ya amalume inali yotsuka zitsulo za opaleshoni, kuzikulunga m'nsalu zobiriwira ndi kuziphika m'chimphika cha nthunzi kuti tizilombo tife. Anali munthu wamfupi, wanthabwala, ndipo manja awo ankanunkhira sopo wa kuchipatala ngakhale pa Sabata.

Tsiku lachitatu ndinawatsegulira kope, n'kuloza mawu awiri aja ndi chala. Anawerenga, anandiyang'ana, kenako anakoka dzanja langa kulitulutsa m'juzi.

"Aka? Aka adokotala achotsa madzi a phala asanawire," anatero. "Koma pali zinthu ziwiri. Mayi ako avomere. Ndipo iwe usiye kunjenjemera ukamva za zitsulo. Dzulo nditangotchula mpeni unataya kapu."

Zinali zoona. Ndinkafuna kachalako kachoke, koma m'mutu mwanga opaleshoni inali chikwanje chodulira tiyi.

Mawa lake anabwera ndi kabokosi. Munali zitsulo zakale zimene zinapuma ntchito, zophunzitsira ana a sukulu ya unamwino, ndipo asisitala, mkulu wa anamwino, anawalola kubwereka mpaka tchuthi chithe. Anayala nsalu pakhonde, n'kuzindandalika bwinobwino, zogwirira zonse zitaloza mbali imodzi. Zinali zozizira, zolemera kuposa mmene zinkaonekera, ndipo zikagundana zinkalira ngati timabelu. Tsiku limenelo sindinakhudze chilichonse. Ndinangozijambula m'kope ndili chapatali.

Tinayamba ndi zopanira. Zinali ziwiri, china cha timano kunsonga, china chosalala. Amalume anamwaza nandolo pa mbale n'kundiuza kuti nditole imodziimodzi. Nandolo zinkathawa, zina kugwera m'maluwa, nkhuku n'kumathamangira. Amalume ankaseka mpaka kupukuta misozi. "Adokotala, odwala anu akudyedwa ndi nkhuku!" Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pakhomopo linali adokotala, ndipo Sikisi anatsalira ku esiteti.

Nditazolowera nandolo, anandibweretsera duwa loyera la m'mbali mwa msewu, kuti ndinyamule katsamba kake koyera popanda kusiya chipsera. Ndinayesa masiku atatu. "Thupi la munthu siligwiridwa ngati nyama ya pamsika," ankatero. "Gwira ngati mmene mayi ako amagwirira nsonga ya tiyi." Anandiuzanso chinthu chimene chinandidabwitsa, chakuti chopanira cha timano, chimene ndinkachiopa kwambiri, ndicho chachifundo pakhungu, chifukwa chimagwira popanda kufinya. Ndinalemba zimenezo m'kope n'kujambula mzere kunsi kwake.

Koma chimene ndinachikonda kuposa zonse chinali kachitsulo kooneka ngati sizasi, koma kosadula. Kunsonga kunali kopindika pang'ono, ndipo pafupi ndi mabowo olowetsamo zala kanali ndi timano tokolana. Mukatseka kankalira kuti kete, kete, n'kukhala kotseka kokha, ngakhale mutachotsa dzanja. Amalume anati kuntchito amakatcha udzudzu, chifukwa cha kamlomo kake kowonda, ndipo ntchito yake ndi kupana mtsempha woduka kuti magazi asiye kutuluka.

Kuti ndione ndi maso anga, amalume anachita chinthu chimene aneba anachikamba sabata yonse. Ife a mpingo wa Sabata tiyi sitimwa, ngakhale tinakulira pakati pake ndipo ndi amene ankatidyetsa. M'nyumba mwa amalume munalibe ngakhale tsamba limodzi. Tsiku limenelo anapita kukapempha masamba kwa aneba, anawiritsa tiyi wakuda bii, wofiirira, anamuziziritsa n'kumuthira m'botolo. Pachivundikiro anaboola n'kulowetsa kapaipi kofewa ka pulasitiki, botololo n'kulipachika chozondotsa pa msomali wa pakhonde.

"Lero tiyi wapeza ntchito m'nyumba muno," anatero. "Awa ndi magazi. Adokotala, wodwala wanu akutha!"

Tiyi anayamba kuchucha pa simenti. Ndinathamanga ndi kaudzudzu kaja, ndinaphonya kawiri, kachitatu ndinapana. Kete, kete. Dontho limodzi linalendewera kunsonga kwa kapaipi, n'kuima pomwepo. Ndinakuwa. Ine, amene kusukulu ena ankandiyesa wosalankhula, ndinakuwa mpaka agalu a aneba anauwa. Tinabwereza mpaka tiyi anatha, ndipo khonde linakhala ndi banga mpaka mvula yoyamba.

Zodulira zinabwera pomalizira. Sizasi yopindika amalume sanalole kuti ndidulire pepala. Tsiku lina atandipeza ndikufuna kudula chithunzi cha m'nyuzipepala, anandilanda mwakachetechete, ndipo aka kanali kamodzi kokha kamene sanaseke. Ngakhale chitsulo chopuma ntchito chinali ndi ulemu wake. Mpeni anangondionetsa chogwirira chake, chopanda lumo. Anandiuza kuti ndiwerenge zonse zimene zinali pansalu. Mpeni unali umodzi, sizasi ziwiri, koma zogwira ndi zotseka magazi zinali khumi ndi chimodzi.

"Waona? Kudula sikuchedwa," anatero. "Ntchito yaikulu ndi kugwira bwino ndi kusunga magazi a mwini wake."

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewo zaka zambiri. Sindikudziwa ngati amalume ankadziwa kuti akundichiza mantha, kapena ankangosangalala kuti apeza munthu womvetsera za ntchito imene anthu ambiri ankaiona ngati kutsuka mbale. Mwina zonse ziwiri.

Masabata amenewo tinachita opaleshoni nthochi zambiri. Chinangwa chilichonse chokhala ndi kamphukira m'mbali chinkagonekedwa pansalu. Lachisanu lililonse, dzuwa lisanalowe, tinkapukuta zitsulo, kuziwerenga ndi kutseka kabokosi, chifukwa nazonso zinkasunga Sabata. Mantha anatha osandiuza tsiku. Chinatsala ndi tiona wa amayi.

Anabwera Lachisanu lina masana, tchuthi chitatsala masabata awiri, atanyamula makaka ndi nthochi pamutu, mapazi ali ofiira ndi fumbi. Atapuma, amalume anati, "Achemwali, khalani apa muone ntchito ya adokotala." Anapachika botolo la tiyi. Amayi anatsegula maso. "Achimwene, mwayamba kumwa tiyi?" Amalume anati ayi, akuti ameneyu ndi wodwala.

Ndinayala nsalu ndekha. Ndinanyamula chitsulo chilichonse n'kufotokoza ntchito yake, mokweza, monga ankachitira amalume. Ndinatola nandolo. Ndinatseka kapaipi ulendo woyamba womwe. Ndinali ndisanalankhulepo mawu ochuluka chotero pamaso pa amayi, ndipo ndinaona kuti sankayang'ana zitsulo, ankayang'ana pakamwa panga. Nditamaliza ndinatulutsa dzanja lamanzere, ndinaliika pa bondo lawo, ndipo ndinanena osawerama kuti, "Amayi, ndikufuna kachoke. Sindikuopanso."

Amalume ananyamuka n'kupita kukayang'ana nkhuku zimene sizinkafuna kuyang'anidwa. Kenako amayi anati, "Bweretsa kope lako ndi cholembera." Anatsegula tsamba loyera, anagoneka dzanja langa pamenepo, n'kuyamba kuzunguliza bolopeni. Amayi sanapite patali ndi sukulu, ndipo bolopeni ankaigwira ngati singano. Inkandigirigisha pakati pa zala. Atafika pa kachala kaja, kofanana ndi ka abambo, anachedwa, anazunguliza kawiri, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

"Lolemba," anatero.

Ndinadumpha. Ndinathamanga kuzungulira nyumba, juzi nditaitaya pansi. Sabata limenelo ndinaimba m'tchalitchi mokweza kuposa amayi a kwaya.

Lolemba m'mawa kunali chiperoni, kamvula kowaza kosanyowetsa kwenikweni. Anandilowetsa m'kachipinda koyera konunkhira mankhwala. Amayi anakana kulowa, anakhala pa benchi panja. Anamwino atamasula nsalu yobiriwira pa thireyi, ndinazindikira kakulungidwe kake, ngodya zopindidwa ngati envelopu. Anali manja a amalume. Ndipo mkatimo munali anzanga onse, owala kuposa a m'kabokosi, atagona zogwirira zitaloza mbali imodzi.

Jakisoni wochititsa dzanzi anawawa ngati kuluma kwa njuchi, kenako dzanja linakhala ngati si langa. Adokotala, mayi wamtali wovala magalasi, anatambasula dzanja kuti alandire chopanira. Ndisanaganize, ndinanong'ona kuti, "Cha timano. Pakhungu n'cha timano."

Adokotala anaima, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuphulika kuseka. "Asisitala, munamubisa kuti wantchito watsopanoyu? Chabwino mayi, cha timano. Tsopano yang'ana kukhoma."

Ndinayang'ana kukhoma, koma makutu anali pa thireyi. Ndinamva kukokedwa pang'ono, kosapweteka. Kenako, kete, kete. Ndinamwetulira khoma. Ndinadziwa kuti kaudzudzu kagwira, ndipo magazi anga atsala mwa ine. Sizasi inalira kawiri podula ulusi. Amalume ananena zoona, madzi a phala akanakhala asanawire.

Nditatuluka ndinakweza dzanja la bandeji m'mwamba ngati mbendera. Amalume anali atathawa kuntchito kwa mphindi zochepa, ataima ndi epuloni yawo ya pulasitiki, ndipo anandichitira sawatcha. Amayi anandikumbatira.

Sukulu itatsegulidwa, tiyi anali ataphukira timasamba tatsopano. Tsiku loyamba lomwe, funso litafunsidwa, ndinakweza dzanja, lamanzere. Yankho linali lolakwa, koma aphunzitsi aja a kope, amene anasamukira nafe ku Sitandade 5, anauza kalasi yonse kuti iwombe m'manja. Dzina la Sikisi linakhalabe mpaka ndinamaliza pulayimale, koma tsopano ndinkayankha ndikuseka.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkandidabwitsa. Kuyambira ndili wamng'ono, popita kutchalitchi amayi ankandigwira dzanja lamanzere, chala chawo chachikulu chikusisita kachala kaja njira yonse. Chilonda chitapola, chala chawo chinkapitabe pamalo pomwepo, n'kumafufuza pa kachipsera. Ine ndinkaganiza kuti akuda nkhawa.

"Sipakupwetekanso, amayi," ndinkawauza.

"Ndikudziwa, mwanangu," ankayankha.

Nthawi zinanso, Sabata masana, ankandibwereka kope n'kukakhala nalo pansi pa mtengo wa mapeyala, iwo amene kuwerenga kunkawavuta. Lero ndikalitsegula limatsegukira lokha pa tsamba la dzanja lija, ndipo pa kachalapo pepala ndi lakuda, lofewa chifukwa chosisitidwa. Koma nthawi imeneyo ndinkawasuzumira pa zenera ndili wonyada, ndikuganiza kuti amayi akusirira mmene ndinajambulira sizasi.