Gogodela wa Nsungwi

Mu gemu ya pafoni ya mdzukulu wanga, mfuti ya gogodela imangolira ngati chimanga chokazinga, osathiramo wonga. Bodza limeneli limandikukutitsa mano.

Zaka za makadi a chipani zija tinkasewera nkhondo m'bwato lobooka ku Bua. Ndinanenerera mpaka mkulu wanga anandipatsa gogodela wa nsungwi posinthana ndi theka chabe la chinangwa chootcha. Ndinadziona wochenjera.

Nditawombera kamodzi anati, "Basi mphwanga, imeneyo sibwereza. Thira wonga."

"Nanga yanuyo?"

"Iyi ndi ya asilikali."

Ndinagwada n'kumatsindira mchenga wotentha m'nsungwimo, iye akundiwombera pamsana.

"Wafa," anatero akutambasula dzanja. "Bweretsa kuno, maliro sasunga mfuti."